Mitengo Imawerengedwa mu Okutobala

Adzukulu anga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, tayandikirani, tikambeko za mitengo ya pakhomo.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yodzala mitengo. Mwambowu si wa lero. Unayamba mu 1976, nthawi ya Kamuzu, uli tsiku limodzi lokha la mu Januwale, ana asukulu atanyamula makasu. Chiyambire pamenepo tadzala mitengo yosawerengeka: akuluakulu amabwera pa galimoto, amagwira khasu, amathirira, ife n'kuomba m'manja. Nanga mitengo yonseyo ili kuti? Yendani m'midzi ya kwa Chiseka, kwa Chadza ndi kwa Kalumbu, muone kumene kwatsala mitengo yachilengedwe yowirira. Kawirikawiri ndi kumanda. Komatu kumandako palibe anadzala. Anthu anangoleka kudula ndi kutentha, poopa mizimu ndi polemekeza dambwe, mitengo n'kudzikulira yokha.

N'chifukwa chake ine mitengo sindiiwerenga mu Januwale. Nthawi imeneyo ngakhale mtengo wozika pampanda umaphuka. Ndimaiwerenga mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, mbuzi zitayendayenda miyezi inayi, moto wa osaka mbewa utadutsa, chiswe chitalawa. Umene wafika pamenepo uli wobiriwira ndiwo mungauze mnzanu kuti muli ndi mtengo.

Musaganize kuti kuthengo kudzakhalabe kotithawitsa. Nkhalango ya Dzalanyama, imene boma linaiteteza mu 1922, ndiyo yakhala ikuphikira mzinda wa Lilongwe; nonse mwaona njinga zolemedwa ndi makala ndi nkhuni zikutsetsereka m'bandakucha. M'nkhalango momwemo ndimo mumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo zitafika poipa, mu 2015, boma linatumizako asilikali. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, zilango n'kukwera. Kwathu kuno fodya amafuna milimo ya chigafa, uvuni wa njerwa umafuna zikuni, mphika umafuna nkhuni tsiku ndi tsiku. Zonsezi zikapanda kuchokera kuseri kwa nyumba yanu, zidzachokera m'thumba mwanu, kapena pamutu pa mlongo wanu amene adzayenda theka la tsiku kukatola tinthambi.

Musanakumbe dzenje, imani pabwalo muyang'ane kumwamba. Kambande kamene kali m'manja mwanu n'kotalika ngati chikhatho, koma malo amene mukusankha ndi a mtengo wa zaka 20. Anthu ambiri amalakwira apa, ndipo kulakwa kwake kumaoneka mochedwa, khoma litang'aluka kale.

Bulugamu ndimayamba naye chifukwa ndiye mumamukonda. Ndi mtengo wabwino: amakula msanga, amawongoka, ukamudula amaphukanso, ndipo pakatha zaka zinayi kapena zisanu mumapeza milimo. Koma si wa pakhomo. Amatalika kwambiri, amathothola nthambi popanda chenjezo, ndipo mphepo ya mvula yoyamba, ija imasasula madenga mu Novembala, ikamupeza pafupi ndi nyumba, maliro ali pafupi. Amamwanso madzi ochuluka ndipo chimanga choyandikana naye chimafiira. Mudzaleni pamalo akeake, pamtunda pouma kapena pamiyala pamene khasu limakana, kutali ndi chitsime, dimba ndi dambo. Malaina nawonso musawaike m'mbali mwa munda; mizu yawo imayenda pamwamba n'kulanda chakudya cha mbewu. Kachere ndi mkuyu ndi mitengo ya pabwalo la milandu, pamene pali malo. Mizu yake imanunkhiza madzi patali, imalowa m'chimbudzi, imatukula simenti. Mthunzi wake ndi wokoma, inde, koma pakhomo pa munthu wa poloti yaing'ono ndi chipsinjo.

Mango ndi mapeyala muwapatse mamita 10 kuchokera kukhoma, ndiponso pafupifupi chimodzimodzi pakati pa mtengo ndi unzake. Ndikudziwa kuti poyamba pamaoneka pambalambanda, mtima n'kumati ndiwonjezere ina pakati. Wonjezerani mapapaya, amene moyo wawo ndi waufupi ndipo adzakhala atatha mango akamakula. Magwafa, mandimu ndi manachesi amakhutira ndi mamita 5 kapena 6. Mthunzi muuike chakumadzulo kwa nyumba, kumene dzuwa la masana limawotcha khoma mpaka usiku osagoneka. Ndipo ngati pamwamba pakudutsa mawaya a magetsi a ESCOM, kapena mukuona kuti adzadutsa, pansi pake pasakhale mtengo wotalika. A ESCOM akadzabwera kudzasadza sadzafunsa kuti ukubereka kapena ayi.

Za m'malire ndinenepo mawu awiri. Mtengo wodzala pamzere weniweni wa malire ndi mlandu wosungira ana. Mthunzi udzagwera m'munda mwa mnzanu, zipatso zidzagwera kwake, ndipo pakapita zaka wina adzati mtengowo ndiwo umboni wakuti malo ndi ake. Lowani mkati mwa malo anu, ndipo mnzanuyo mumuuze musanadzale.

Dzenje likumbidwe mvula isanagwe. La mtengo wa zipatso likhale masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya. La mitengo ya nkhuni ndi milimo, 30 akwana. Dothi lakuda la pamwamba muike mbali ina, lofiira la pansi mbali ina. Pobwezera, lakuda lija mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino, n'kuyamba nalo pansi. Owola, ndanena, ndowe zaziwisi zimawotcha mizu ndi kuitana chiswe. Pa dothi lamakande, khasu limasalaza m'mbali mwa dzenje mpaka likhale ngati mtsuko: madzi amadikha, mizu imazungulira momwemo. Gobani m'mbalimo. Mapeyala makamaka safuna madzi odikha ngakhale pang'ono. Chotsani chubu, musadzale ndi pulasitiki yomwe. Mbande ilowe kufika pamene dothi la m'chubu linalekezera, osaikwirira khosi, ndipo ngati ndi yophatikiza, pophatikizapo pakhale pamwamba pa dothi. Tsindirani ndi phazi. Dzalani mvula ikangokhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro a Januwale. Boma likuti nyengo imatha pa 15 Epulo, koma kwathu kuno mvula imakhala ikutsanzika nthawi imeneyo, ndipo wodzala mu Malichi wadzalira chilimwe.

Tsopano ntchito yeniyeni.

Tikamaliza kukolola, mbuzi zimamasulidwa. Mbuzi ilibe mwini ikafika pa mbande yanu, ndipo mukapita kukadandaula adzakufunsani kuti munatchinga kapena ayi. Ikangodya nsonga, mtengo wabwerera chaka chathunthu. Ikakungudza khungwa kuzungulira, watha. Choncho mpanda umangidwe mu Epulo, mbuzi zikadali pachingwe. Zikhomo zinayi zolimba ndi nthambi za minga za mthethe zimakwana. Nsungwi zoluka zimachita bwino koposa. Ena amasanja njerwa mozungulira, n'kusiya mipata yolowera mphepo ndi kuwala; njerwa zomata popanda mipata zimaphika mbande ndi kutentha. Mpandawo ukhale wotalika kuposa pamene mbuzi imafika itaimirira ndi miyendo iwiri, pakuti imaimirira ndithu, ndipo muusunge zaka ziwiri kapena zitatu. Apa ndipo ndimanena kuti munthu adzale mitengo yolingana ndi mipanda imene angamange. Mukalandira mbande 100 zaulere, musachite manyazi kutengako 10 zokha. Khumi yotchingidwa idzaposa zana loponyedwa m'tchire, ndipo mbande zotsalazo zipite kwa ena.

Moto ndi mdani wachiwiri. Kuyambira Ogasiti, anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, ndipo ena mwa inu mukundimva mukudzidziwa. Lambulani udzu kuzungulira mtengo uliwonse, ndi kuzungulira kamunda konse ka mitengo, udzu usanaumiretu. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Chiswe chimakonda mtengo wofooka kale, wa ludzu kapena wovulazidwa ndi khasu popalira. Bulugamu wamng'ono ndiye ndiwo yake. Keshya sichimukonda kwenikweni, choncho pamalo a chulu chambiri yambani ndi keshya, amene amapatsanso nkhuni ndi milimo. Phulusa la kumoto lowaza mozungulira limathandizako, bola kubwereza. Kuphimbira ndi udzu kapena mapesi n'kofunika kuti chinyezi chisathawe, koma siyani mpata wa chikhatho pakati pa zophimbirazo ndi tsinde, kupanda kutero mwamangira chiswe mlatho.

Kuthirira nako kuli ndi nzeru yake. Kapu imodzi tsiku lililonse imangonyowetsa pamwamba, mizu n'kuzolowera kukhala pamwamba pomwepo, kumene dzuwa lidzaipeza. Ndowa yathunthu kamodzi kapena kawiri pa sabata, madzulo, imalowa pansi ndipo mizu imaitsatira. Konzani kabeseni ka dothi kozungulira mtengo kuti madzi asathawe. Mjigo ukakhala kutali, kwirirani botolo lobowola pansi pafupi ndi mbande, muzidzaza limenelo. Madzi otsukira mbale ndi ndiwo, amene mumangokhuthula pabwalo, akhoza kulera papaya kapena nthochi, malinga asakhale a sopo wambiri kapena mankhwala ochapira. Chilimwe choyamba ndi chachiwiri ndizo zovuta. Mtengo ukapyola pamenepo umadzipezera wokha madzi.

Palinso mdani amene sitimutchula chifukwa timamuyesa ukhondo: tsache. Bwalo losesedwa mbee ndi ulemu wa pakhomo, sindikutsutsa. Koma kusesa kwa m'mawa uliwonse kumachotsa kadothi pang'onopang'ono, ndipo pakatha zaka mizu ya mango imakhala poyera, ana n'kumakhumudwa nayo, mvula n'kumakokolola chotsalacho. Choipa kwambiri n'chakuti zinyalalazo timaziunjika patsinde n'kuyatsa. Moto umapsereza khungwa mbali imodzi, balalo limaola, limasanduka mphako, ndipo tsiku lina mtengo wooneka wathanzi umagwera kukhitchini. Masamba amenewo ndi manyowa. Aponyeni m'dzenje la kompositi, kapena muwasiye pansi pa mtengo mutazunguliza miyala kapena njerwa, kuti tsache lidziwe polekezera.

Chakudya chimene masamba apanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Mukamvetsa chimenechi, zambiri simudzachita kuuzidwa. Waya woyanikira zovala womangidwa mothina amalowa m'khungwa mtengo ukamanenepa, n'kuupotola. Chingwe cha mbuzi chimachita zomwezo pa mtengo waung'ono. Ofuna makungwa a mankhwala, a mbawa kapena a muwanga, asende kachigawo kakang'ono mbali imodzi, motsata kutalika kwa mtengo, kuti bala lipole. Wosenda mozungulira wapha mtengo, ngakhale masamba akhale obiriwira miyezi ingapo.

Makolo anati kuwongola mtengo m'poyamba. Mwambiwu timauponyera ana osamva, koma mitengo yeniyeniyo timaisiya ikule mmene ifunira, kenako n'kudzaikwera ndi chikwanje itakalamba. Kutengulira kuyambe mtengo uli waung'ono, pamene nthambi yochotsa ili ngati chala ndipo bala lake limapola msanga. Wa matabwa kapena milimo ukhale ndi thunthu limodzi. Ukachita mphanda, chotsani yofookayo. Nthambi za m'munsi zichoke pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Mango ndi wosiyana: akafika m'chiuno, dulani nsonga kuti atulutse nthambi zitatu kapena zinayi zotambalala. Mtengo wotero umabereka pofikira dzanja, ndipo ana safunika kugenda miyala padenga kapena kukwera kunsonga. Pachipatala cha Mitundu kafunseni anamwino zimene nyengo ya mango imabweretsa.

Nthambi yaikulu imadulidwa ndi sowo, osati kukhapa. Yambani kucheka pang'ono kunsi kwake, patali pang'ono ndi thunthu, kenako mudule kuchokera pamwamba. Ikamagwa siisenda khungwa la thunthu. Chitsa chotsalacho muchichotse pafupi ndi thunthu, koma musadule kamkombero kotupa kamene kali pamene nthambi imatulukira, chifukwa ndiko kamatseka bala. Chitsa chachitali chimaola, kuolako n'kulowa m'kati. Mitengo ya mthunzi ndi ya nkhuni itengulidwe m'nyengo yozizira, Juni ndi Julayi. Mango ayi: nthawi imeneyo akukonzekera maluwa, choncho atengulidwe mukangomaliza kuthyola. Ndipo mango ogwa n'kuola pansi musawasiye. Mphutsi zili m'menemo ndizo ntchentche zimene zidzaboola zipatso zotsatira. Tolani mukwirire mozama.

Mitengo yophatikiza, monga mango a Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa njere amatha kudikiritsa zaka zisanu kapena kuposa. Koma ili ndi mwambo wake. Mphukira iliyonse yotuluka kunsi kwa pophatikiza ndi ya mtengo wapansi, ndipo mukailekerera imapha wapamwamba amene munalipira ndalama. Ithyoleni ikangooneka. Maluwa a chaka choyamba nawonso athotholeni, ngakhale mtima uwawe, kuti mphamvu ipite ku nthambi. Mbande zotere mugule kwa munthu amene angakuonetseni mtengo umene anadulako nthambi. Tili ndi mwayi ife: sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ili pakhomo pathu, ndipo alangizi a zaulimi ndi a zankhalango alipo. Kuphatikiza ndi luso la mpeni wakuthwa ndi kapulasitiki. Mnyamata kapena mtsikana wolidziwa sasowa ya sopo. Komabe musathe mango athu akale, aboloma ndi akalisere. Amapirira, safuna zambiri, ndipo m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, nkhokwe zikapepuka, ndiwo amagoneka ana.

Sikuti mtengo uliwonse uchokere ku nazale. M'munda mwanu ndi kuseri kwa nyumba muli zitsa za mitengo yachilengedwe, chitimbe, mombo, muwanga, msuku, zimene zimaphuka chaka ndi chaka, inu n'kumazisadza pososa. Pansi pake pali mizu yakale, yozama, imene mbande ya m'chubu ingatenge zaka kuti iipeze. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo muchotse, muzitengulira ndi kuteteza kumoto. Mitengo yotere siifuna kuthirira, ndipo chiswe inachizolowera. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi a dera la Maradi anayamba kuchita zimenezi m'zaka za m'ma 1980 mothandizana ndi Tony Rinaudo, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Ndi nzeru ya kumanda ija, kungoti yabwera kumunda.

Msangu mukaupeza wamera wokha, uikireni chikhomo kuti khasu liulambalale. Mtengo umenewu umayoyola masamba mvula ikamayamba, n'kuphuka chilimwe, motero suphimba chimanga koma umachithira manyowa, ndipo nyemba zake ziweto zimadya msipu utatha. Umayamba mwaulesi, musautaye mtima. Podzala, njere yake muipale pang'ono kuti madzi alowe, mbande isakhalitse m'chubu chifukwa muzu wake umathamangira pansi, ndipo musiye mamita 10 mbali zonse. Uli ndi minga, choncho malo ake ndi kumunda, osati posewerera ana. Gilisidiya ndiye wa osafuna kudikira: mumamudula m'mawondo kawiri kapena katatu pa nyengo, masamba n'kukwirira m'mizere, timitengo n'kupita kumoto.

Tsono pali nkhani imene anyamata simuinena poyera, koma ndiyo imakugwirani dzanja. Kwathu kuno ambiri mumakalowa chikamwini. Mumayang'ana bwalo la kwa apongozi n'kunena mumtima kuti, ndidzale mango pano, mawa banja likatha ndidzanyamula bulangete lokha, zipatso adzadya mwamuna wina. Mantha amenewo si opusa. Taona akamwini akuchoka chimanjamanja. Koma taganizani bwino amene adzadye. Malowo ndi a mbumba, ndipo ana anu ndi a mbumba yomweyo. Kaya inu mulipo kaya mulibe, amene adzathyole ndi mwana wanu wamkazi ndi ana ake. Mkamwini wokana kudzala akumana ana ake omwe pofuna kumana munthu amene mwina sadzabwera n'komwe. Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mulankhule zisanavute. Khalani pansi ndi akazi anu ndi mwinimbumba, ngati n'kotheka a mfumu adziwe, mugwirizane kuti ya zipatso ndi ya ana, ndipo bulugamu kapena keshya wa milimo, amene mwagula mbande ndi ndalama zanu, adzagawidwa motani zinthu zikasintha. Dzalaninso kwanu kumene munabadwa, kwa alongo anu. Inu atsikana, amene malo ali m'manja mwanu, musadikire mwamuna kuti adzakumbe dzenje. Khasu mumaligwira kale. Ndipo amene mwatengedwa chitengwa, mawu ndauza akamwiniwa ndi anunso. Amalume nawo aleke kuyang'ana mkamwini wodzala mitengo ngati akufuna kulanda malo, chifukwa diso limenelo lasiya mabwalo ambiri ali mbee.

Kudula si tchimo. Mtengo wadzalidwa kuti ugwire ntchito, ndipo wopendekera kunyumba, wa mphako, kapena wouma nsonga uchoke usanasankhe wokha kogwera. Koma wolowa m'malo mwake akhale atadzalidwa zaka zingapo m'mbuyo. Pogwetsa waukulu itanani odziwa, mumange chingwe, ana ndi ziweto zichoke. Bulugamu ndi keshya muzidula chapansi, mopendeketsa kuti madzi asadikhe pachitsa, ndipo mphukira zikatuluka musiye ziwiri kapena zitatu. Mbawa, mlombwa ndi mitengo ina yachilengedwe ili ndi malamulo ake, choncho musanaigulitse kaonaneni ndi a zankhalango.

Chenjerani ndi ocheka matabwa amene amayendera midzi mu Febuluwale. Amadziwa kuti m'nyumba mulibe ufa, ndipo amagula mtengo uli chiimire pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga. Musanavomere, pezani mmisiri wa matabwa amene si mnzawo, akuuzeni kuti mutuluka matabwa angati, kenako mukafunse mtengo wa thabwa limodzi pamsika wa Mitundu kapena pa Nathenje. Ngati njala yafikadi pakhosi, yambani mwagulitsa milimo ndi nkhuni za nthambi, kapena mbuzi. Mbuzi ina idzabadwa chaka chomwecho, pamene mtengo wa mbawa woti uchekedwe matabwa umafuna zaka 30 kapena kuposa.